Sukulu ya Pakhonde ku Yofu

Frances anagwa koyamba m'chaka cha 2001, ali Sitandade 6, nthawi yopuma, anzake akusewera fulaye pabwalo la sukulu. Uthenga unampeza mayi wake, Rosemary, ali m'madzi mpaka m'maondo, akuvuula chinangwa chimene anaviika masiku anayi apitawo. Anasiya dengu pamwala n'kuthamanga wopanda nsapato. Atafika anapeza mwana wake ali gone pafumbi, thovu kukamwa, yunifolomu itanyowa, ana onse ataima chapatali mozungulira. Panalibe amene anamukhudza, poti anthu ankati malovu a wakhunyu akakudonthera nawenso uyamba kugwa. Rosemary anamubereka mwana wa zaka khumi ndi chimodzi uja, miyendo ikulendewera, n'kuyenda naye njira yonse ya miyala mpaka kwawo ku Yofu, mudzi wina wa pachilumbapo.

Kuchipatala anati ndi khunyu, anapereka timapiritsi toyera toti azimwa tsiku ndi tsiku. Frances anabwerera kusukulu patatha masabata awiri, koma pabenchi ankakhala yekha. Mwezi usanathe anagwanso, ulendo uno poweruka, n'kutemeka pamwamba pa diso. Pomwe anagwerapo panali pafupi ndi potsetsereka pomwe pansi pake pali nyanja. Rosemary anapita kukaona malowo, anaimapo kanthawi akuyang'ana madzi akumenya miyala, ndipo pobwerera anali atagamula kale. Mwanayo aziphunzirira pakhomo, pomwe maso a mayi ake angamuone.

Choko sichinali chachilendo m'manja mwake. Anali ndi setifiketi ya Fomu 2, ndipo mu 1994, sukulu za pulayimale zitakhala zaulere ana n'kusefukira ngati nkhungu za panyanja, iye anali m'gulu la aphunzitsi ongothandizira amene analembedwa mwachangu. Kwa zaka ziwiri anaphunzitsa ana oposa zana pansi pa mlambe, ndipo chimene anatolapo n'chakuti chigulu chotere chimamva ndodo ndi kukuwa basi. Mwamuna wake Basil ankagwira ntchito pa sitima, ndipo ankaoneka pachilumba maola ochepa okha sitimayo ikaima. Za sukulu ya pakhomoyi iye sanatsutse. Anabweretsa thabwa ndi kachitini ka penti wakuda kuchokera ku Nkhata Bay, anakhoma bolodi pakhoma la khonde, n'kubwerera ku ntchito. Mabuku Rosemary anachita kubwereka uku ndi uku, ena atadyedwa ndi chiswe m'mphepete ndi m'kati momwe.

Sukulu ya pakhondeyo inali ndi mwana mmodzi koma malamulo a ana zana. Frances ankadzutsidwa folo koloko m'mawa kuti awerengeretu mayi ake asanapite kumunda. Ankayamba ndi pemphero, kenako ndime ya m'Baibulo yoloweza, kenako Chingerezi. Masamu ankabwera dzuwa litakwera, Rosemary atabwerako kumunda, thukuta lili kamukamu. Kunyanja Frances sankaloledwa, pamoto sankaloledwa, kwa anzake sankaloledwa. Lamulungu ku tchalitchi chachikulu cha ku Chipyela ankakhala pafupi ndi chitseko, dzanja la mayi ake lili pabondo pake mwambo wonse. Ndipo pazenera la pakhonde pankakhala kandodo ka gwafa.

Rosemary sankadziona ngati munthu wankhanza. Ankadziona ngati munthu amene nthawi ikumuthera. Maganizo omwe ankamudya anali amodzimodzi tsiku ndi tsiku: iye akadzatsogola, mwana wodwala chonchi, wopanda pepala, adzamusunga ndani? Mwamuna wa pachilumba pano amene angatenge mkazi wosayandikira moto ndi madzi ali kuti? Ndiye Frances akalakwitsa samu, chimene Rosemary ankaona sichinali samu. Ankaona mayi wa zipsera za moto atakhala pakhomo la msika akutambasula dzanja, ndipo la Rosemary linkapita lokha pazenera. Tsiku linkayamba ndi Atate Wathu n'kutha ndi misozi. Mwanayo akagwa, potsitsimuka mawu ake oyamba ankakhala akuti pepani amama, ngati waswa mbale.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala mlamu wake Mercy, mlongo wa Basil. Matenda atangoyamba Mercy ananenapo kuti kutsidya ku Cobue kuli sing'anga wodziwa za kugwa, bwato la amalonda likhoza kuwaolotsa m'mawa n'kubwera madzulo. Rosemary anayankha kuti nyumba yake ndi ya Chikhristu, anawonjezeranso mawu ena amene sanali a Chikhristu konse. Kuyambira pamenepo awiriwo ankangopatsana moni wa pamsewu.

Chaka cha 2003 chinali cha Sitandade 8. Ahedi a sukulu ija anavomera kumulembetsa Frances mayeso a boma, bola azibwera kudzalemba oyeserera pamodzi ndi anzake. Rosemary anawonjezera maola. Mu Febuluwale, mvula ili pakati, mwanayo anagwa katatu m'masabata awiri, pamene kale ankatha miyezi iwiri osagwa. Kachitatuko kanachitika masana, atangolandira ndodo zisanu m'manja chifukwa cha masamu ogawa mafulakishoni. Analuma lilime mpaka magazi anadetsa mkeka. M'mawa mwake anatengana ulendo wa kuchipatala.

Adokotala, bambo wochepa thupi wosakaniza Chitumbuka m'malankhulidwe ake, anafunsa ngati mapiritsi akumwedwa. Rosemary anati sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo zinali zoona. Anafunsa za malungo, za chakudya, za kumwezi. Kenako anamupempha kuti atuluke pang'ono. Rosemary anakhala pabenchi ya panja, pansi pa zenera la waya wokhawokha, ndipo zonse za m'katimo zinkamufika. Anamva mwana wake akunena kuti tulo sagona tokwanira, amadzuka yekha nthawi isanakwane kuti abwereze masamu mumtima asanafunsidwe. Adokotala anafunsa ngati chimamusowetsa tulo ndi mantha a kugwa.

"Kugwako ayi," anatero Frances chapansipansi. "Ndikagwa sindidziwa kanthu. Ndimaopa nthawi ya masamu, amama akabwerako kumunda."

Atamuitananso, adokotala sanatchule zimene anamva. Anangoti kuchepa kwa tulo ndi nkhawa zimadzutsa matendawa, mwana azigona mpaka tulo titatha tokha. Polankhulapo anali atagwira dzanja la Frances, chikhatho chili m'mwamba, mizere ya dzulo ikuonekabe. Anachiyang'ana, anayang'ana Rosemary, n'kulemba m'kabuku.

Pobwerera Rosemary ankayenda patsogolo, mtima ukuwira. Chinayamba kumugwira ndi mkwiyo. Mwana wosayamika, kukaulula za m'nyumba kwa munthu wadera, pamene mayi ake asiya zonse chifukwa cha iye. Anali atakonza kale mawu oti akanene akafika. Atafika pomwe njira imadutsa pathanthwe loterera ndi mvula, anatembenuka mwachizolowezi n'kutambasula dzanja kuti amugwire. Frances anadzidzimuka, anabisa manja onse kumbuyo, maso ali phethiphethi. Kenako anazindikira kuti akufuna kumuolotsa, n'kupereka dzanja mwamanyazi. Rosemary anamuolotsa. Mawu amene anakonza aja sanawapezenso.

Sabata yotsatira kunali Lachitatu la Phulusa. Chaka chilichonse pa Lenti Rosemary ankasiya shuga mu tiyi, ndipo ankadziyamikira nazo. Tsikulo, atagwada, phulusa lili pamphumi, anauza Mulungu kuti kwa masiku makumi anayi asiya ndodo ndi kukuwa. Atangonena anachita mantha ndi lonjezo lake lomwe, pakuti njira ina yophunzitsira sankaidziwa, ndipo mayeso anali atatsala miyezi isanu ndi umodzi. Atafika kunyumba anathyola kandodo kaja n'kukaponya pamoto. Anauza Frances kuti kuyambira mawa azidzuka dzuwa likatuluka. Mwanayo anati chabwino, koma maso ake ankabwererabwerera pazenera, ngati sakukhulupirira kuti palibedi kanthu.

Sabata yoyamba inali yowawa kuposa mmene ankaganizira. Iye ankadzukabe nthawi yakale ija, n'kukhala pamphasa akumvetsera mwana akupuma, mumtima akudandaula maola amene akutayika pamene ana a eni ake kusukulu akupita patsogolo. Pophunzitsa, mkwiyo ukafika pakhosi, ankaika choko pansi, kutenga ndowa n'kupita kukatunga madzi. Sabata imeneyo mitsuko, mapoto ndi mabeseni onse a m'nyumbamo anali odzaza, mpaka madzi ena ankathirira nthochi mvula ikugwa. Chingerezi chinkayenda, Baibulo linkayenda. Koma pa masamu pankagwa bata lochititsa manyazi. Frances, poona kuti palibe chimene chikumuchitikira, anayamba kufunsa kuti chifukwa chiyani apa timatere, ndipo Rosemary anapeza kuti yankho alibe. Anapezanso chinthu china chimene sanafune kuchiona: malo amene ankasowa yankhowo ndi omwe aja amene kale ankayambira kukuwa. Masamu a Fomu 2 anachita kukhoza mokwawa, ndipo tsamba lofotokoza mafulakishoni m'buku lobwereka lija chiswe chinadya theka.

Ku Mbungo kunali mphunzitsi wopuma, a Mwalimu Jeremiya, amene anaphunzitsa masamu pafupifupi theka la anthu a pachilumba maso asanayambe kuwavuta. Rosemary anaganiza zokawaona, koma ulendo wa ku Mbungo ndi kubwerako unkafuna maola atatu, ndipo kwa zaka ziwiri anali asanamusiyepo Frances ngakhale ola lathunthu kupatula pamene ali kumunda wa kuseri kwa nyumba. Anazungulira nkhaniyo masiku atatu. Tsiku lachinayi anatenga mbale ya usipa n'kukaodira kwa Mercy.

Anapepesa za mawu aja, mosazungulira, n'kumupempha kuti azimusungira mwana iye akapita ku Mbungo. Mercy anamvetsera akusenda chinangwa, osakweza mutu, ndipo anati zakale zinapita, koma kusunga mwanayo akuopa.

"Akagwa nditani ine, alamu? Nanga malovuwo?"

"Ndawapukuta ndi manja awa zaka ziwiri. Mwandionapo nditagwa?"

Rosemary anagona yekha pansi pabwalopo, chammbali, kumuonetsa kagonekedwe kake. Anamuuza kuti asamuike kanthu m'kamwa, asamupanikize, angochotsa zinthu zimene zingamupweteke n'kuika chitenje kumutu, zimatha zokha. Mercy anayeserera kawiri pa mlamu wakeyo, ndipo kachiwiriko onse anaseka, koyamba m'zaka ziwiri. Komabe tsiku la ulendo Rosemary anabwerera kawiri asanatuluke m'mudzi, koyamba kudzakumbutsa za moto, kachiwiri popanda chifukwa chenicheni.

Rosemary anawapeza a Mwalimu pamthunzi akusoka ukonde ndi zala zokha, maso ali kwina. Anawauza kuti wabwera ndi kope la mwana wake amene masamu akumuvuta, amuthandize kuona pomwe pali vuto. Mkuluyo anapukuta manja, anayandikitsa kopelo mpaka pamphuno, n'kumatsegula tsamba ndi tsamba, milomo ikuyenda. Anaima pa tsamba lina nthawi yaitali.

"Apa pali masamu asanu ndi awiri, onse athethedwa ndi cholembera chofiira. Koma asanu mwa iwo ndi okhoza. Mwanayu akutembenuza nambala yachiwiri, mmene ziyenera kukhalira. Wochongayu ndiye akutembenuza yoyamba. Ndani ameneyu?"

Rosemary anasuzumira tsambalo. Pamwamba pake panali deti lolembedwa ndi dzanja la Frances, ndipo linali la tsiku la ndodo zisanu lija. Bodza linali pafupi, akanatha kunena kuti ndi mphunzitsi wina wa kusukulu.

"Ndine, a Mwalimu," anatero.

Mkuluyo sanamudzudzule. Anatseka kope n'kunena kuti nayenso m'masiku ake anamenya ana ambiri, ena mwa iwo lero ndi madoda a imvi ndipo amamudutsa panjira osapereka moni, iye sawada. Anamuuza kuti azibwera Lachiwiri ndi Lachisanu ndi kope lakelake, osati la mwana. Tsiku lomwelo anatenga mtengo wa chinangwa, anauthyola pakati, theka linalo analithyolanso, n'kumufunsa kuti m'theka muli makota angati. Rosemary, mayi wa zaka makumi atatu ndi zisanu, anakhala pamchenga akuwerenga timitengo, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona chifukwa chimene nambala ija imatembenukira.

Atafika ku Yofu anapeza Frances ali bwinobwino, akusankha nyemba ndi azakhali ake. Anamutengera kunyumba. Sanaime pabolodi monga mwa masiku onse, anakhala naye pamkeka, n'kutsegula tsamba lija. Kwawo kumene anakulira sanamvepo kholo likupepesa mwana.

"Masamu awa unakhoza, Frances. Wolakwitsa ndinali ine, ndipo ndinakumenya wopanda mlandu. Undikhululukire, mwana wanga."

Frances anayang'ana kopelo, osati mayi ake. "Ndinkadziwa, amama. Anatiphunzitsa ndisanasiye sukulu."

Rosemary anafuna kufunsa chifukwa chimene sananenere, koma funsolo linafera pakamwa, poti yankho ankalidziwa. Ankayembekeza kuti mwina mwanayo alira, mwina amukumbatira. Frances anangoti wamva, n'kupempha kuti akamalize nyemba zija.

Sitima itaima Loweruka, Rosemary anamufotokozera Basil zonse. Iye sanakondwe. Anati kholo silipepesa mwana, mawa adzakukwera pamutu, ndiponso anthu akamva kuti mkazi wake akukaphunzira masamu a pulayimale ku Mbungo adzaseka banja lonse. Rosemary anati akhoza kuseka. Ali m'kati mokambirana anamva kuseka kwenikweni kuseri kwa mpanda, Frances ndi Mercy akuyeserera nyimbo ya gule wa chioda. Basil anatchera khutu kanthawi, anafunsa ngati ameneyo ndi mwana wake, ndipo za kupepesa sanazitchulenso. Ulendo wotsatira anabwera ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo amene anapempha kwa mnzake wa ku Monkey Bay.

Pasaka anafika, Lenti inatha, koma Rosemary sanathyole ndodo ina. Lachiwiri ndi Lachisanu ankapita ku Mbungo, Lachitatu ndi Loweruka ankaphunzitsa zimene watengako, ndipo pomwe sakudziwa anaphunzira kunena kuti sindikudziwa, ndikafunsa. Mawu amenewa ankamulemera nthawi iliyonse. Frances anayamba kunenepa pang'ono. Kugwa kunaleka. Rosemary sankanena, koma mumtima ankawerenga masabata, n'kumaganiza kuti mwina zatha.

Mu Meyi kunali mayeso oyeserera kusukulu. Frances anakhala nambala 31 pa ana 58. Rosemary anaona pepala la zotsatira ali panjira pobwerera, ndipo zonse zimene anamanga kwa miyezi iwiri zinagwa nthawi imodzi. Anakuwa pomwepo, amayi ena akudutsa ndi nkhuni. Ananena kuti tulo tomweti ndi timene tamupusitsa, kuti adzathera pamsika kupemphetsa. Anadzimva yekha mawu akutuluka, mawu akale aja, koma anatha chiganizo chonse asanadzigwire. Frances anawerama, manja kumbuyo. Masiku atatu otsatira Rosemary sankadya bwino, ankangomuyang'anitsitsa, akudikira kuti agwe chifukwa cha iye. Mwanayo sanagwe. Kupepesa kwachiwiri kunali kovuta kuposa koyamba, pakuti tsopano kunkamveka ngati kwa chidakwa cholonjeza kusiya mowa. Anapepesabe. Kenako anakhala pansi n'kuyang'ana pepalalo modekha, n'kuona kuti masamu anali bwino, chimene chinamugwetsa ndi sayansi, imene Rosemary ankaidumpha poti bukulo analibe. Anapita kwa ahedi kukapempha kuti azikopera manotsi.

Frances anagwa mu Juni, mwera ukuomba, m'sabata imene zonse zinali bwino. Anali atagona mokwanira, atamwa mapiritsi, palibe amene anamukalipira. Rosemary akuchokera ku Mbungo anaona anthu ataunjikana pa mpanda wa Mercy, ndipo kope linamugwa m'manja. Anapeza mwanayo atagonekedwa chammbali, chitenje kumutu, Mercy akumupukuta kukamwa ndi dzanja lake, osachoka pambali pake. Atamunyamulira kunyumba, Rosemary anakhala pambali pake ndi mkwiyo wa mtundu wina. Anazindikira kuti miyezi yonseyi, osadziuza, ankachita malonda ndi Mulungu: ine ndisiya ndodo, Inu muchotse matenda. Tsopano matenda anali pompo, ndipo nthawi ya mayeso inkayandikira. Nanga ngati ndodo sinali chifukwa, bwanji osabwerera ku folo koloko kuti apezenso maola? Ganizo limeneli linamukhalira ndithu, silinali lopusa m'maso mwake.

Frances anatsegula maso dzuwa likupendeka. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti mutu ukumupweteka, akufuna madzi. Atamwa anakhwekhwereza thupi, anaika mutu pamiyendo ya mayi ake n'kugonanso. Pepani uja sanamveke. Rosemary anakhala osasuntha mpaka mwendo unachita dzanzi. Anapemphera mwachidule, osalonjeza kanthu, osapemphanso malipiro. M'mawa mwake anamusiya mwanayo kuti agone mpaka adzuke yekha.

Kutatsala sabata kuti mayeso ayambe, anapempha ahedi kuti alankhule ndi kalasi. Anaima kutsogolo kwa ana makumi asanu ndi mphambu, n'kunena poyera dzina la matenda amene kwa zaka ziwiri ankangowatchula kuti kudwaladwala. Anawauza zoyenera kuchita mnzawo akagwa. Ena anaseka chamumtima, ena anafunsa mafunso, ndipo atsikana awiri a ku Yofu komweko anati iwo azikhala pafupi naye. Frances anali atavomereza yekha kuti mayi ake akalankhule, ngakhale nthawi yonseyo anayang'ana pansi.

Masiku a mayeso Rosemary ankakhala kunja kwa mpanda wa sukulu kuyambira m'mawa, atanyamula chitenje chapadera ndi botolo la madzi. Chitseko chikatseguka pakati pa pepala, ankasuzumira pa mpandapo. Tsiku lachiwiri anaona woyang'anira mayeso akutuluka mothamanga, iye n'kuimirira, koma bamboyo ankangothamangitsa mbuzi imene inalowa m'khonde. Tsiku la masamu Frances anatuluka n'kunena kuti funso limodzi sanalembe, nthawi inamuthera. Lilime la Rosemary linanyamuka. Analimeza, n'kufunsa ngati ali ndi njala.

Zotsatira zinatuluka mu Disembala. Frances anakhoza. Ku sukulu zogonera za kumtunda sanasankhidwe, koma dzina lake linali pa mndandanda wa sekondale yoyendera ya pachilumba pomwepo, pamodzi ndi atsikana awiri aja. Anthu ankabwera kudzayamikira, ndipo Rosemary ankayankha mwaulemu, koma anali atayamba kale kuda nkhawa. Fomu 1 sakanatha kuiphunzitsa pakhonde. Tsiku lotsegulira anaperekeza atsikanawo mpaka kumapeto kwa mudzi, anabwereza malangizo amene onse ankawadziwa kale, n'kuima. Anafunitsitsa kuwatsatira chapatali, osaoneka. Anabwerera kunyumba, anasesa pabwalo posesa kale, anachapa zovala zoyera. Frances anafika fili koloko, fumbi m'miyendo, akudandaula kuti nsapato zatsopano zamupweteka.

Lachisanu la sabata imeneyo Rosemary anapita ku Mbungo ndi nkhuku, kukathokoza ndi kutsanzika. A Mwalimu analandira nkhukuyo koma kutsanzikako anakukana. Anati mutu umene wagwira mafulakishoni pa msinkhu umenewu ndi tchimo kuusiya uchite dzimbiri, ndipo pali anthu akuluakulu amene amalemba mayeso a Fomu 4 akuwerengera kunyumba. Rosemary anaseka, anati iye wakalamba. Koma pobwerera nkhaniyo inamutsatira, ndipo inamusowetsa mtendere masabata awiri.

Sitima itabweranso anakamudikira Basil padoko, pakati pa madengu a nsomba zouma ndi matumba a ufa. Anamupatsa kapepala komwe analembapo mayina a mabuku. Basil anawerenga, tsinya lili pamphumi.

"Mabuku a Fomu 3? Mwana wangoyamba kumene Fomu 1, amake Frances."

"Si a mwana. Ndi anga."

Basil anamufunsa ngati waganizira kuti akhoza kulephera, Yofu yonse n'kudziwa. Rosemary anati sakuganiza china chilichonse koma chimenecho, ndipo akuopa kwambiri. Basil anapinda kapepalako kanayi n'kukalowetsa m'thumba la malaya. Anati akayang'ana ku Nkhata Bay, akakapanda kuwapeza akafunsa ku Monkey Bay, koma la sayansi asayembekeze msanga. Anzake ankamuitana kale kuti akathandize kukweza katundu m'boti. Rosemary anagula sopo ndi makope awiri m'sitolo ya ku Chipyela, n'kuyamba ulendo wobwerera mofulumira, chifukwa mitambo ya mvula inali itayamba kusonkhana kutsidya ndipo chinangwa anachisiya chili choyanika pathanthwe.